Aliyense akuti wagalamuka, nanga ali mtulo ndani?

Mwezi wa Julaye, kuzizira kwa kumtunda kwa Neno kutafika povuta, tidali pasiwa ya agogo athu aamuna. Amayi adali m'nyumba kuimba, abambo panja kuwotha moto wa zitsa, anyamata kuseri kwa nkhokwe aliyense maso pafoni. Munthu mmodzi yekha ndiye sadaoneke usiku wonse: msuweni wanga, mnyamata wa zaka 24, yemwe agogowo adamulera kuyambira ali sitandade 3.

Sikuti amadwala. Nkhani ya thiransipoti idalibeponso, chifukwa amakhala paboma pomwepa. Uthenga womwe adanditumizira pa WhatsApp udali woti iye tsopano adadzuka, ndipo sangakhalenso pamalo a chisoni chifukwa amamutsitsira vibration. Imfa, iye amatero, ndi chinyengo cha maganizo chabe.

Azakhali atamva sadachedwe kugamula kuti mwanayu walowa zasataniki. M'busa wina wa mpingo wa chipentekoste, yemwe adabwera kudzapepesa, adati ichi n'chiwanda chofunika kusala kudya masiku atatu. Mkulu wina wa Sabata adangopukusa mutu n'kunena kuti ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Anthu anayi, onse okonda zauzimu, aliyense wotsimikiza kuti ndiye ali maso ndipo enawo ali mtulo.

Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikudzifunsa ngati ziphunzitso zonsezi zingakhale pamphasa imodzi. Ndikudziwa kuti funsoli si langa ndekha. Ambiri mwa inu Lamulungu m'mawa mumaimba kwaya, madzulo mwagula bandulo mukumvera mphunzitsi wa ku India akufotokoza za consciousness, ndipo mumtima mumamva ngati mukuchita chinyengo kwinakwake.

Sukulu yatsopano ili m'thumba

Msewu wokwera ku Neno boma nthawi yadzinja ukhoza kukudyera tsiku lonse, koma vidiyo yochokera ku Canada imafika m'masekondi ochepa. Aphunzitsi omwe achinyamata akuwamvera pa TikTok ndi YouTube ndi ambiri, koma mayina ena amabwerabwera.

Eckhart Tolle, yemwe adabadwira ku Germany, amanena kuti ali ndi zaka 29, atavutika kwa nthawi yaitali ndi matenda a nkhawa, adadzuka tsiku lina ali ndi mtendere womwe sadaumvepo. Buku lake, The Power of Now, lidatuluka mu 1997, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti iwe si maganizo ako. Mawu omwe amangolongolola m'mutu mwako, kukukumbutsa za dzulo ndi kukuopseza za mawa, ukhoza kungowayang'ana osawatsata.

Rhonda Byrne wa ku Australia adatulutsa The Secret mu 2006. Iye amaphunzitsa kuti maganizo ali ngati maginito: ukamaganiza za chuma umakoka chuma, ukamaganiza za mavuto umakoka mavuto. Mawu onse aja a manifest ndi vibration omwe adzaza pa status za anzathu akuchokera kumeneku. Palinso Sadhguru wa ku India, yemwe amaphunzitsa yoga ndi kusinkhasinkha, komanso ena osawerengeka omwe amangotola apa ndi apo n'kusakaniza.

Komatu mawu oti kudzuka si achilendo kwa ife. Dzina loti Buddha limatanthauza munthu amene wagalamuka. A Mboni za Yehova akhala akutigawira magazini ya Galamukani! kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1970, anyamata ndi atsikana ang'onoang'ono adadzaza misika ndi mabwalo a mu Blantyre kulalikira za kubadwa mwatsopano, akuluakulu a mipingo n'kumadabwa kuti anawa alowa chiyani. Omwe akutidzudzula lerowa, ena mwa iwo ndi omwe aja adadzudzulidwa nthawi imeneyo. M'bado uliwonse umafika pomva kuti chipembedzo cha makolo ake chasanduka mwambo chabe, ndipo umafuna chinthu choti uchimve wokha mumtima.

Zonse n'chimodzimodzi? Ayi ndithu

Njira yachidule yoyanjanitsira ziphunzitsozi ndi kunena kuti zonse zimanena chinthu chimodzi, kungoti mawu ndi osiyana. N'zokoma kumva, koma si zoona. Pali mafunso atatu omwe aphunzitsiwa amasiyanadi, ndipo ndi bwino kuwadziwa m'malo momangogwedeza mutu pavidiyo iliyonse.

Loyamba: kodi amene ndimamutcha "ine" ndi ndani? Chiphunzitso cha Advaita cha ku India chimati pansi pamtima penipeni, iwe ndi chiyambi cha zonse ndinu chinthu chimodzi. Abuda amati ukafufuza bwino supeza "ine" wokhazikika, koma maganizo ndi zomvaimva zomwe zikungodutsa ngati madzi a mu Lisungwi. Mkhristu ndi Msilamu amati ayi, iwe ulipo ndithu, Mulungu alipo, ndipo wolengedwa sangakhale Mlengi. Mayankho atatuwa sangakhale oona onse nthawi imodzi m'njira imodzimodzi.

Lachiwiri: kodi munthu amagalamuka ndi khama lake kapena amachita kupatsidwa? Ena amati khala pansi tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, mpaka maganizo adekhe. Ena amati palibe chochita, udagalamuka kale, ukungoiwala. Wobadwa mwatsopano amati sungadzipulumutse wekha, ndi chisomo basi. Jiddu Krishnamurti, yemwe adaleredwa kuti adzakhale mphunzitsi wa dziko lonse, mu 1929 adathetsa bungwe lomwe adamukonzera, n'kuuza omutsatira kuti choonadi sichipezeka potsata gulu kapena mtsogoleri. Mkangano umenewu ulipo ngakhale mkati mwa chipembedzo chimodzi, ndipo watha zaka mazanamazana.

Lachitatu, lomwe limatikhudza kwambiri ife osowa ntchito: nanga zofuna za mtima tizitani nazo? Buddha adaphunzitsa kuti kukakamira zilakolako ndiye muzu wa kuvutika. The Secret ikuti lakalaka kwambiri, uione galimotoyo m'maganizo mpaka ibwere. Msuweni wanga amaika zonse ziwiri pa status tsiku limodzi, osaona kuti wina akuti masula, wina akuti gwiritsitsa.

Pali chodabwitsa china apa. Akatswiri a mbiri ya mipingo, monga Kate Bowler wa ku Duke University, adasonyeza kuti uthenga wa chuma ndi machiritso womwe umalalikidwa m'mipingo ina ya chipentekoste uli ndi mizu ina m'gulu la New Thought la ku America la m'zaka za m'ma 1800, lomwe limaphunzitsa kuti maganizo ndi mawu amalenga zinthu. The Secret idamera pamuzu womwewo. Ndiye kuti mneneri wouza anthu kuti alankhule dalitso lawo lichitike, ndi mtsikana wa pa TikTok wouza anthu kuti achite manifest, ndi pachibale ndithu, ngakhale wina amatcha mnzake wachiwanda. Nthawi zina omwe amakangana kwambiri ndi omwe ali pafupi, pomwe omwe amaoneka ofanana ali kutali.

Asayansi nawo sadagwirizane. Mu 1998, katswiri wa za ubongo Christof Koch adabetcherana ndi David Chalmers kuti pomatha zaka 25 sayansi idzakhala itapeza momwe ubongo umapangira kuti munthu azizindikira kuti alipo. Mu 2023 Koch adavomera kuti waluza, ndipo adapereka vinyo yemwe adalonjeza. Choncho mnyamata wa pa TikTok akamakuuzani kuti sayansi idatsimikiza kale zomwe iye akuphunzitsa, pumirani kaye musanagawire ena.

Neno idayamba kale mkangano umenewu

Chomwe chidanditsegula maso ndi chakuti boma lathuli lakhala ndi mkangano womwewu kwa zaka zoposa 100, kungoti sitimautchula ndi mawu achingerezi.

Ansembe achikatolika a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno mu 1906. Patangopita zaka ziwiri, mu 1908, a Seventh-day Adventist adakhazikika ku Matandani. Onsewa adapeza anthu omwe adali kale ndi chikhulupiriro chawo cha Chauta ndi mizimu ya makolo. Tsono afunseni atatuwa funso losavuta: agogo omwe tawaika aja, panopa akudziwa kanthu?

Wa Sabata adzakuuzani kuti ayi, akufa ali mtulo, sadziwa chilichonse mpaka tsiku la kuuka kwa akufa. Mkatolika adzakuuzani kuti mzimu wawo uli moyo, n'chifukwa chake amawapempherera ndi kuwachitira nsembe ya Misa. Wa zamakolo adzati ali pafupi nafe, amabwera kutulo, amakondwa komanso amakwiya. Kodi pali mkangano wa consciousness woposa pamenepa? Ndipo palibe mwa iwo amene adagonja. Mpaka lero wa Sabata sapempherera akufa, Mkatolika sadasiye.

Koma taonani zomwe zimachitika uthenga wamaliro ukamveka. Adzukulu amanyamula makasu osafunsana za mpingo. Amayi a Sabata ndi amayi a Chikatolika amatunga madzi pamjigo umodzi, kuphika nsima mumphika umodzi. Makwaya amasinthana usiku wonse. Amfumu akaimirira kulengeza chipepeso, satchula kuti ndalama iyi yachokera kwa okhulupirira kuti akufa ali mtulo. Pa zomwe zachitikira womwalirayo amasiyana kwathunthu, koma pa zomwe namfedwa akufunika usiku umenewo amagwirizana kwathunthu. Maliro n'kulirana.

Kwa ine, kuyanjanitsa ndi kumeneku. Makolo athu sadasungunule zikhulupiriro zawo kukhala phala limodzi, ndipo sadadikire kuti agwirizane kaye za kumwamba asanayambe kuthandizana pansi pano. Aliyense adasunga yankho lake, koma onse adavomereza muyeso umodzi wa munthu: umunthu. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Zoterezi zidachitikaponso kwina. Thomas Merton, wansembe wachikatolika wokhala moyo wobindikira ku America, mu 1968 adapita ku India kukacheza ndi Dalai Lama. Adakambirana za kusinkhasinkha ndi moyo wa pemphero kwa masiku angapo. Merton adatuluka ali Mkatolika, Dalai Lama adatsala ali M'buda, koma aliyense adaphunzira kwa mnzake.

Pomwe amakumanadi

Tikasiya mafunso akuluakulu aja, pali malo omwe ziphunzitso zambiri zimakumana moona, ndipo ndi pa zochita.

Pafupifupi zonse zimavomereza kuti munthu akhoza kukhala moyo wonse ali ngati woyenda kutulo, wongotengeka ndi mkwiyo, nsanje ndi mantha osadziwa n'komwe. Zonse zili ndi njira yokhalitsira mtima pansi. Mkatolika ali ndi kolona ndi kukhala chete pamaso pa Ukalistia. Msilamu ali ndi swala kasanu patsiku, ena ali ndi sikiri. Wa Sabata amaika pambali tsiku lathunthu. Wa chipentekoste amakwera phiri. Wa yoga amatsata mpweya wake. Tanthauzo lomwe aliyense amapereka ndi losiyana, koma onse akulimbana ndi vuto lomwe tonse timalidziwa dzina: kuganiza kwambiri.

Mu 1979, Jon Kabat-Zinn adatenga njira ya kusinkhasinkha ya Abuda, n'kuchotsamo zachipembedzo, n'kuyamba kuiphunzitsa odwala pachipatala cha University of Massachusetts. Lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri pothandiza anthu opanikizika m'maganizo. Ndiye mtsikana wa kwaya akakhala chete mphindi 10 kumvetsera mpweya wake asanalembe mayeso, sikuti wasintha chipembedzo. Koma akayamba kunena kuti iye ndi Mulungu, pamenepo wasinthadi, ndipo ndi bwino adziwe kuti wasankha chinthu china, osadzinamiza kuti zonse n'zofanana.

Mafunso oti mudzifunse

Poti mafunso akumwamba aja sitingawathetse pa WhatsApp, ine ndidayamba kuyesa chiphunzitso chilichonse, cha pafoni kapena cha paguwa, ndi mafunso a pansi pano.

Kodi chikundiyandikitsa kwa anthu kapena chikundichotsa? Kupewa munthu wokuzunza ndi nzeru. Koma chiphunzitso chikafika pokuuza kuti amayi ako, anzako a kalekale ndi anamfedwa onse ndi otsitsa mphamvu zako, dziwa kuti wina akukupatula ngati mbuzi yoti akagulitse.

Kodi chimati chiyani kwa munthu wovutika? Mlimi wa mbatatesi wa ku Dambe yemwe katundu wake waolera pamsewu chifukwa galimoto zakanika kukwera m'matope, kodi adakoka zimenezo ndi maganizo ake? Kapena chikhulupiriro chake n'chochepa? Chiphunzitso chilichonse chomwe chimasenzetsa wosauka mlandu wa umphawi wake chimamasula omwe amayenera kukonza msewuwo.

Kodi chimalola mafunso? Safunsa adadya phula. Mphunzitsi yemwe yankho lake pa funso lililonse ndi loti sunagalamuke, kapena ukulimbana ndi wodzozedwa, watseka khomo lomwe ukadatulukira.

Kodi ndalama zikulowera kuti? Wina akugulitsa mafuta odzozedwa, wina akugulitsa maphunziro a pa intaneti otsegulira diso lachitatu. Geni yake ndi imodzi.

Ndipo kodi chikundiuza kusiya mankhwala kapena chakudya? Apa palibe zokambirana. Mu 1995 anthu zikwizikwi adakhamukira ku Machinga kwa Billy Chisupe, yemwe adati adalota mankhwala a Edzi, koma matendawa sadathe. Mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya mudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu omwe adauzidwa kusala kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Ambiri mwa anthu amenewa sadali opusa. Adali ofunafuna, ngati ine ndi inu.

Tiyeneranso kunena mosabisa kuti si kudzuka kulikonse komwe kuli kwauzimu. Mnzanu akatha masiku osagona, akumva mawu omwe ena sakuwamva, akudziona ngati wosankhidwa yekha padziko lonse, kapena akulankhula zofuna kudzipha, musathamangire kumuombera m'manja kuti wagalamuka, kapena kumumanga kuti ali ndi chiwanda. Mupite naye kuchipatala. Kuno ku Neno tili ndi mwayi woti boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito m'boma lino kuyambira 2007, amathandizanso odwala matenda a maganizo ndi khunyu. Pemphero ndi mankhwala sizidana.

Nawonso otsutsa adziyang'ane

Sindingakhale wachilungamo nditangodzudzula msuweni wanga n'kuwasiya azakhali. Mawu oti sataniki ndi opepuka pakamwa koma olemera pamutu wa amene wawasenzetsedwa. Ife a ku Neno tikudziwa komwe kuloza zala kumathera. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo atawaganizira za ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Omwe adachita zimenezo nawonso adali otsimikiza kuti akuona zomwe ena sakuona.

Mnyamata yemwe wayamba kufunsa kuti ine ndine ndani, ndipo moyo n'chiyani, sadalowe zamdima. Wayamba kufunsa mafunso omwe mpingo udayenera kumuthandiza kufunsa. Ngati kutchalitchi akungomva za chopereka ndi zovala zoyenera, asatidabwitse akakasaka mayankho kwa mlendo wa pa YouTube. Kumutukwana kumangotsimikizira zomwe mlendoyo adamuuza kale, zoti abale ake sangamumvetse.

Patatha milungu itatu

Msuweni wanga adabwera kumudzi patatha milungu itatu, alendo onse atabalalika. Sindidamukakamize, ndidangomufunsa funso limodzi pafoni: ngati buku lako likuti ukhale pomwe moyo uli panopa osathawa, nanga usiku uja moyo udali kuti, kuchipinda kwako kapena pasiwa? Sadayankhe kwa masiku awiri.

Atafika adapeza agogo aakazi pakhonde akutongola chimanga. Sadamufunse komwe adali. Adangomusunthira lichero, iye n'kukhala pansi. Adatongola limodzi mpaka dzuwa kupendeka, osalankhula zambiri, kenako mnyamatayo adayamba kulira, kulira komwe adakuthawa milungu itatu. Agogo sadawerengepo Tolle, ndipo dzina loti Sadhguru akhoza kuliyesa la mankhwala a mbewu. Adangomusiya alire mpaka amalize, n'kumuuza kuti akasambe m'manja nsima yapsa.

Sindinganame kuti zonse zidatha bwino. Azakhali amamuyankhabe moni mwa apo ndi apo. Iye akumverabe aphunzitsi ake, ndipo kutchalitchi sadabwerere. Ine ndi iye timakanganabe za komwe agogo ali panopa, ndipo ndikukayika ngati tidzagwirizane. Koma mwezi watha kutagwa maliro ena m'mudzi moyandikana, ndidamupeza kumanda m'mamawa, khasu lili m'manja, foni ili m'thumba.